Ana Asanu a Bureki

Bureki anaswa Lachiwiri m'mawa, pansi pa tebulo lositira, pa mulu wa matawulo a eni ake. Katoni imene ndinamuyalira pakhonde anangoinunkhiza kamodzi n'kuisiya, n'kukasankha matawulo oyera a mayi wa saluni amene ndinachapa dzulo lake. Ndinamutukwana galuyo mpaka malovu kuuma, iye ali maso mwaa, akunyambita ana ake ngati ndikulankhula ndi khoma.

Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Ndimagwirira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, momwe muli mabeseni atatu, tebulo, simbi ziwiri ndi chingwe choyanikapo mvula ikamagwa. Galuyo si wanga, ndi wa amuna anga. Anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka shuga atawalanda maso, kenako mwendo wamanzere kuyambira m'bondo. Pamene Bureki ankaswa n'kuti atatha milungu iwiri chitulukire m'chipatala, ali chigonere kuchipinda, osafuna wailesi, osafuna kulankhula, tiyi akungozizira pampando.

"Bambo, galu wanu wandiwonongera matawulo," ndinatero nditaima pakhomo. "Waswa."

Anadzuka n'kutsamira chigongono. Milungu iwiri ndinali nditawanyengerera mpaka kutopa kuti adzuke, abale awo analephera, koma galu anatha ndi mawu amodzi.

"Angati?"

"Asanu. Amuna atatu, akazi awiri. Onse akuda bii ngati mayi wawo."

"Bweretsani ndiwaone."

Mawu oti kuona sanawasiye, ndipo ine sindinkawakonza. Namwino wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankabwera madzulo aliwonse kudzatsuka bala, anali atandiopseza kuti chauve chilichonse chisayandikire mwendowo. Choncho ndinkabweretsa kamodzikamodzi, nditakakulunga m'kansalu, n'kukaika m'manja mwawo. Ankakasisita kumutu, kukagwira timiyendo, kukayesa kulemera, kenako n'kundibwezera kuti ndikatenge kena. Pofika kachisanu anali atagawa kale onse.

"Aka konenepaka n'ka makaniko. Kaphokoso kaja n'ka kondakitala wanga, akapezana. Kakazi kamodzi n'ka mayi wa matikiti, kena ka Wamtali. Kakang'onong'ono kaja tipatse mlonda wa kudepoti, nayenso ndi wochepa thupi."

Wamtali ndi dalaivala mnzawo. Amuna anga ndi kondakitalayo anayenda basi imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bwenzi la mponda apa nane mpondepo. Mwa anthu asanu amenewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondapo pakhomo pathu chidulireni mwendo. Masana omwewo anandiuza kuti ndiwaimbire onse, mmodzimmodzi, ine kusindikiza manambala, iwo kulankhula mokweza ngati ali pa siteji. "Pakatha milungu isanu ndi itatu, Loweruka, mubwere nonse mudzatenge agalu anu! Tiyi aliko!" Onse anavomera, ena mpaka kuseka kumveka pafoni. Tsiku limenelo amuna anga anamaliza mbale yonse ya mpunga n'kupempha wina.

Tsiku lachitatu chiswereni ndi limene ndinalakwa.

Fungo la magazi ndi mkaka linali litalowa m'chipinda chonse, ndipo mayi wa saluni, atalandira matawulo ake, anawanunkhiza pamaso panga n'kukwinya mphuno. Zinandipweteka. Ine ndine munthu wa sopo. Chinthu chikada ndimachichapa, ndiyo nzeru yokhayo imene ndili nayo, ndipo yandidyetsa zaka zonsezi. Ndinamangirira Bureki panja, n'kutenga beseni laling'ono, madzi ofunda ndi sopo wonunkhira amene ndimachapira zovala za makanda. Ndinasambitsa tiana tonse tisanu, kamodzikamodzi, mosamala ndithu. Kenako manja anachita zimene anazolowera: kutsukuluza kawiri, komaliza m'madzi ozizira kuti sopo achoke bwino. Ndinatindandalika pa tawulo pafupi ndi zenera kuti tiume ndi kamphepo. Inali nyengo yozizira. Panja Bureki ankalira, akukoka chingwe ngati aduka khosi, ine n'kumamuuza kuti akhale chete, adzandithokoza.

Nditamumasula anathamangira kwa ana ake, n'kuwanunkhiza mmodzimmodzi. Anakankha kamodzi ndi mphuno, n'kutuluka kukagona pansi pa thanki ya madzi. Ndinamukokera m'kati, anatulukanso. Ndinamugoneka n'kumuika kamwana pabere, anandionetsa mano, galu amene sanandiuwepo chibadwire. Pofika masana kakang'ono kaja, ka mlonda, kanali katauma gwa.

Ndinanyamula tinayi totsala m'beseni lomwelo mpaka kwa dokotala wa ziweto. Anatigwira pamimba ndi kuseri kwa dzanja n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, mwatisambitsa? Tiana ta masiku atatu?"

"Tinanunkha, adokotala."

"Tizinunkha kumene! Mwana wa galu wa msinkhu uwu sangathe kudzifunditsa yekha. Akazizira amaleka kuyamwa, ndipo mayi wake akamva kuti wazizira amamuyesa wakufa."

Anandipatsa chitini cha mkaka wa ufa wa agalu ndi jakisoni wopanda singano womwetsera. Anati ndizimwetsa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, tikhale pofunda nthawi zonse, ndipo tikatha kumwa ndizitipukuta kumimba ndi kansalu konyowa, chifukwa popanda lilime la mayi sitingakodze tokha. Ndikutuluka anawonjezera kuti, "Musadzinamize, ena apita ndithu."

M'mawa mwake amuna anga anaitana ndisanawapatse n'komwe madzi osukusula. "Mayi, bweretsani ana anga."

Ndinabweretsa koyamba, kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Nditatenga kachinayi m'manja mwawo, manjawo anatsala ali chitambasulire pabulangete, akudikira. Ndinaima pakhomo, mawu ali pakamwa. Ndinayang'ana manjawo, ndinayang'ana mbale ya dzulo ili mbee pampando. Ndinapita kuseri n'kukatenganso koyamba kaja.

"Eya, ka mlonda," anatero akumwetulira. "Kayamba kulemera."

Sindinakonzekere kunama. Ndinkati ndiwauza mawa, mawa n'kukhala mkuja.

Masiku otsatira sindikuwakumbukira bwino, chifukwa tulo ndinkangotilawa. Ndinkasita tawulo mpaka litenthe, kuliyesa patsaya, kukulungamo tiana, likazizira kusita lina. Simbi imene ndinkasitira malaya a maloya ndi aphunzitsi inasanduka mayi wa agalu. Mkaka ndinkadontheza pang'onopang'ono, dontho limodzi n'kudikira kameze. Koma pali chinthu chimene sindinkachidziwa: kamwana kakaganiza zopita, ulibe pokagwira. Lachisanu kakazi kamodzi kanatulutsa mkaka m'mphuno, kanayasamula kawiri, n'kufera m'dzanja langa jakisoni ali kukamwa. Ndinakauzira mpweya, ndinakasisita, ndinakaitana ngati munthu. Kamphongo kena kanalimba mpaka sabata yachiwiri, kanafika poyamba kukwawa, ine n'kumati basi tapulumuka. Ndinapita kukapereka zovala kwa aphunzitsi, osatha ndi ola limodzi lomwe, pobwera ndinakapeza katadzipatula pakona ya katoni, kali zii. Sikanadwale, sikanalire. Ndinakhala pansi pakati pa mabeseni n'kulira mokuwa m'shiti ya munthu kuti kuchipinda asamve.

Tinatsala tiwiri, kamphongo ndi kakazi. Bureki anabwerera kwa ana ake tsiku lakhumi ndi chisanu, n'kuyamba kuwanyambita ngati palibe chinachitika, mkaka utauma kale. Ndinafuna kumumenya ndi tsache, koma ndinakumbukira amene anayamba.

Tsopano m'mawa uliwonse tiagalu tiwiri tinkayenera kukhala tisanu. Kamphongo kankalowa kuchipinda katatu, kakazi kawiri. Ndinaphunzira ukathyali umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Kamphongo ndinkayamba kukalowetsa kasanadye, mimba ili phwa, kakhale ka mlonda. Kenako kakazi. Ndikatero ndinkamwetsa kamphongo mpaka mimba ili ndendende, kakhale ka makaniko. Ulendo wachitatu ndinkakakulunga m'tawulo lotentha, kali ndi tulo, kapena kukatsina pang'ono kuti kalire, kakhale ka kondakitala.

"Ka makanikoka n'kosusuka ngati mwini wake," ankatero amuna anga akugwira mimbayo. "Munthu uja ankatha buledi yense yekha ali pansi pa basi."

Ankaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumasekera limodzi. Tsiku lina anagwira kamphongo nthawi yaitali, akusisita khutu ndi chala chachikulu, n'kunena kuti, "Koma ana awa akufanana bwanji." Ndinayankha kuti a mimba imodzi amatero, iwo n'kundibwezera kagaluko.

Namwino ndiye anandigwira. Anali atatsuka bala akumva nkhani za agalu asanu, kenako anadzera kuseri kudzatenga mayunifolomu ake. Anasuzumira m'katoni, anayang'ana pansi pa tebulo, n'kundiyang'ana ine.

"Achemwali, enawo ali kuti?"

Ndinamuuza zonse, ndi za madzi ozizira zomwe. Sanandinyoze, mwina zikanakhala bwino akanatero.

"Bodza limeneli mulifikitsa kuti?"

"Ndiuzeni inuyo. Ndikawauze pano?"

Anapinda yunifolomu yake kawiri, n'kuifunyululanso. "Bala layamba kutseka. Akudya, shuga watsika. Mwezi wathawu ndinkaopa kuti adulanso m'mwamba." Anaika yunifolomuyo m'khwapa. "Ine sindinaone kanthu. Koma Loweruka lija likubwera, achemwali, silidikira munthu."

Ndinayesa zimene ndikanatha. Masana, ndikamapereka zovala, ndinkafunsa khomo lililonse ngati pali galu amene waswa. Kwa wokonza nsapato ndinapeza tiana ta masiku anayi, tisanaone n'komwe. Kwa wowotcherera zitsulo anali atagawa onse dzana lake. Munthu wina pamsika anandionetsa tiwiri ta mphere, nthiti zili pamtunda, tikunjenjemera m'thumba, ndipo ndinaopa kuti tingadwalitse tangati. Ndinaganiza zoimbira atatu mwa anzawo kuti asabwere, koma ndinaika foni pansi. Kuwaletsa kunali kuwalanda amuna anga alendo atatu, ndipo amene ankawerengedwa m'mawa uliwonse anali alendowo, agalu anali podzera chabe. Ndinalimba mtima n'kuimbira kondakitala kuti ndimuululire, abwerebe ngakhale galu palibe. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso mawa lake, chimodzimodzi. Uchitsiru wanga, ndinapuma mpweya wa mpumulo kuti manyazi andilambalala.

Tiwiri tija tinakula ngati tikundinyoza. Tinatsegula maso, tinayamba kuyenda mopepeluka, tinaphunzira kukhathamula mkaka m'mbale n'kupondamo ndi miyendo yonse. Ndinatimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndinapita nato kukabayitsa katemera. Kamphongo kanatafuna sokosi ya loya, kakazi kanakodzera mu nsapato yanga kawiri. Ndinatikonda, ndisaname, ndipo kutikondako kunkandikwiyitsa, chifukwa nthawi iliyonse tikamalimbirana chigamba ndinkaona malo a titatu tosowato.

Kuchipinda nako zinthu zinkayenda. Amuna anga anayamba kupempha wailesi. Anavomera njinga ya olumala imene anali ataikana kuti si mtembo iwo, ndipo tinkayeserera tsiku ndi tsiku kuchoka pabedi kupita panjinga, ine nditawagwira m'khwapa, iwo akunditukwana kuti ndikuwakhotetsa ngati dalaivala wophunzira. "Alendo anga sadzandipeza pabedi," ankatero. Ankawerenga masiku mokweza. Ine ndinkawerenganso, chamumtima.

Lachisanu lomaliza anaitanitsa wometa, n'kundiuza kuti nditulutse malaya awo a ntchito, abuluu a matumba awiri, ndiwasite mpaka mzere wa pamkono ucheke chala. Ndinabwereka mipando kwa namwino, ndinagula mabisiketi ndi buledi, ndinatsuka makapu a alendo. Ndinali nditatsimikiza kuti onse akakhala pansi ndidzaima pakati n'kunena zoona, andione mmene angandionere. Koma Loweruka m'mawa, ndikuika madzi pamoto, ndinapemphera pemphero loipa. Ndinati, Ambuye, asabwere onse.

Amuna anga anakhala pabalaza kuyambira tiyi wa m'mawa, panjinga yawo, bulangete pamiyendo, nkhope italoza kukhomo. Makaniko anafika cha m'ma teni, galimoto ya kasitomala ataisiya ikulira pamsewu.

"Akulu! Akuluakulu! Mukuoneka bwino zedi!" Ankakuwa ngati shuga anawalandanso makutu.

"Khala pansi, iwe. Mayi, tiyi wa mlendo."

"Ayi akulu, ndangozemba, mwini galimoto akundidikira. Ndidzabwera bwinobwino tsiku lina, tidzacheze mpaka dzuwa kulowa."

Sanakhale. Maso ake ankathawa bulangete lija pamene lagwera pansi popanda mwendo. Ndinamupatsa kamphongo, amuna anga anakagwira kotsiriza n'kumulangiza za katemera wachiwiri, iye akuti eya, eya, phazi limodzi lili kale panja. Anatenga mabisiketi awiri n'kupita. Sanathe ndi mphindi khumi.

"Mmodzi ameneyo," anatero amuna anga mosangalala. "Enawa ndi a masana. Kondakitala sanafikepo pa nthawi chibadwire."

Geti likalira ankawongola msana n'kukonza kolala. Koyamba anali mayi wa saluni ndi thumba la matawulo. Kachiwiri anali aphunzitsi. Kachitatu inali mphepo. Cha m'ma thu koloko mayi wa matikiti anatumiza uthenga woti mdzukulu wadwala, ndipo ndinawawerengera. Wamtali anayankha foni injini ikubangula, ati amusinthira ulendo mwadzidzidzi. Ya mlonda inali yozima. Ya kondakitala inaitana mpaka kuduka, ndipo amuna anga anati ndisaimbenso, mwina ali m'njira. Ndinatenthetsa madzi a tiyi kanayi. Chakudya cha masana anakana, ati adya ndi anzawo.

Ndinakhala pa umodzi wa mipando yobwereka ija, manja ali pamiyendo, ndikusowa mtengo wogwira. Milungu yonseyi ndinkaopa kuti agalu sakwana. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti angatsale. Pemphero langa linayankhidwa mopitirira, ndipo ndikanatha kulibweza ndikanalibweza, abwere onse asanu anditukwane mpaka kukhuta.

Dzuwa litachoka pazenera amuna anga analeka kutchera khutu kugeti. Mapewa anagwa, malaya aja n'kuoneka aakulu.

"Ndiye atsala anayi," anatero chapansipansi. "Tiwatani anayi, mayi? Mwini nyumba analola galu mmodzi yekha. Mwavutika nawo chabe."

Apo ndiye zinandikanika. Kunama kuti munthu adye ndinatha, koma kunama kuti andipepese sindikanatha.

"Watsala mmodzi, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Kakazi kamodzi. Atatu anafa kalekale, asanaone n'komwe. Ndinawasambitsa tsiku lachitatu, ndi madzi ozizira, Bureki n'kuwakana. Ndinawapha ndine. M'mawa monsemu ndimakubweretserani awiri omwewo."

Ndinadikira kuti akalipe. Ndinkafuna ndithu kuti akalipe, aponye kapu, andiuze kuti ndawasandutsa choseweretsa chifukwa saona. Anangokhala, chala chikuyenda pa mkombero wa gudumu la njinga.

"Kabweretseni," anatero.

Ndinakabweretsa chopanda nsalu. Kanawakwera pachifuwa, kanawanyambita chibwano, n'kusiya timapazi tafumbi pathumba la malaya. Anakagwira ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti akanabwera onse, sakanakwana."

"Sakanakwana, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la samu yovuta.

"Basi zakhala bwino. Tikanachita manyazi, mayi. Anthu kusiya ntchito zawo, kuchoka kutali konseko, n'kubwerera chimanjamanja? Zakhala bwino kuti atanganidwa."

Ndinali nditawapatsa chowiringulira anzawo, ndipo anachigwira ndi manja awiri monga anagwirira kagaluko.

Namwino atabwera kudzatsuka bala anaona mipando ndi makapu osagwiritsidwa ntchito, ndipo sanafunse. Amuna anga anamuuza kuti atenge kakaziko ngati akukafuna, lero lomwe, kasagonenso pano. Anakanyamula limodzi ndi chikwama chake cha mabandeji. Bureki anawaperekeza mpaka pageti, n'kuima pamenepo.

"Ndivuleni malayawa," anatero amuna anga. "Mwasita bwino."

Ndinagwada kutsogolo kwa njinga n'kuyamba kumasula mabatani. Zala zanga zamanga ndi kumasula mabatani a anthu zaka zonsezi, koma zinakanika pa lachiwiri. Anadikira pang'ono, kenako anachotsa manja anga mofatsa n'kumaliza okha.